Zaka 27 pa Ng'anjo ya Phula

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekeza Fomu 2 mu 1984, bambo awo atamwalira. Pa 14 Ogasiti 1993 anamanga banja ndi mayi athu, amene akhala pafupi ndi bokosiwa.

Mu 1995 analembedwa ntchito yophika phula kukampani yopanga misewu, ndipo anzawo anawatcha a Mthiko. Ankakonda kutiphunzitsa ana awofe kuti mafuta okumba pansi akayengedwa palibe chotaya: petulo ndi dizilo wa galimoto, palafini wa nyali, sera wa makandulo, girizi, ngakhale mafuta odzola, ndipo zotsalira pansi penipeni ndiye phula. Chimene sanatiuze n'chakuti pantchitoyi chotayidwa ndi munthu yekha.

Kwa zaka 27 anaima pa utsi wa ng'anjo. Zotchinga kumphuno anazipempha kasanu, mochita kulemba. M'malo mwake ankapatsidwa kapu ya mkaka Lachisanu lililonse, ati umatsuka m'chifuwa. Phula lomata m'manja ankalichotsa ndi dizilo.

Mu Juni 2022 anayamba kutsokomola magazi, ndipo madokotala anapeza khansa ya m'mapapo. Pa 30 Seputembala kampani inawapumitsa ntchito, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma. Anatisiya Lolemba, pa 6 Febuluwale 2023.

Dzana abwana a kampaniyo, amene tawapatsa mpando wakutsogolowa, anabweretsa bokosi lokongolali pamodzi ndi kalata yoti mayi athu asayine, yonena kuti malemu anaphedwa ndi fodya. Malemu ndudu sanaiikepo pakamwa, mpingo wonse ndi mboni. Kalatayo taisunga yosasayina, limodzi ndi makope a mapempho asanu aja komanso ovololo yawo yosachapa. Zonsezi zili kale m'manja mwa loya, ndipo anzawo anayi amene mukuwamva akutsokomola kumbuyoko avomera kukaikira umboni. Mlandu suwola.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a mpingo, ndi anansi amene sanatope nafe. Abwana tikuwathokozanso chifukwa cha bokosi. Pobwerera ayende bwino, msewu ndi wosalala, phula lake anaphika ndi malemu. Tikaonana kukhoti.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere. Osowa mtendere akhale ena.