A Matiyasi Miti, amene sanachoke pa paipi

Malemu athu, Bambo Matiyasi Miti, anabadwa pa 9 Malichi 1928 m'mudzi muno, ndipo anali achisamba mwa ana a Mayi Magalita. Ine ndine Philemon, mng'ono wawo.

Sukulu anayamba mu 1937 ku mishoni, nalekeza Sitandade 6. Mu 1952 anakwatira Mayi Dolika, ukwati wa mtchalitchi. Anagwira ntchito yoyeza mafuta a galimoto ku Fort Jameson, komwe lero tikuti Chipata, mpaka dziko litalandira ufulu.

Mu 1966, njira ya kumwera yomwe mafuta ankadzera itatsekedwa, mafuta anasowa m'dziko muno ndipo ena anayamba kubwera pa sitima za pamadzi. Malemu anatumizidwa ku doko la Mpulungu. Tinaseka, poti achimwene madzi aakulu omwe ankawadziwa anali a mumtsinje wa Lutembwe, nawonso ankawoloka atagwira munthu dzanja. Koma anaphunzira, nalandira chiphaso choyang'anira kupopa mafuta kuchokera m'sitima kupita m'matanki.

Lamulo la padoko linali lakuti mafuta asapopedwe popanda munthu wachiphaso woima pa paipi, chifukwa akatayikira m'nyanja amapha nsomba, ndipo moto ukabuka doko lonse limatha. Pa nthawiyo wachiphaso padokopo anali iwo okha.

Mu Ogasiti 1967 amayi athu anatisiya. Uthenga unawapeza sitima zili pamzere, malole akudikira. Malemu anapempha akuluakulu chilolezo chapadera chakuti wothandizira wawo, a Gerson Shawa, aimeko m'malo mwawo ngakhale analibe chiphaso. Akuluakulu anawapepesa, koma anati lamulo silingapindike. Akanatha kungonyamuka, panalibe wowamanga mwendo. Anatsala, ndipo amayi tinawaika mwana wawo wachisamba palibe.

Nkhani imeneyi sindiibisa, chifukwa inawapweteka moyo wawo wonse. Kunamveka mawu akuti amene sanaponye dothi pa manda a amake, ake adzaponya ndani. Malemu anawamva mawuwo atabwera kumudzi maliro atatha kale. Chimene anachita n'kubwerera ku Mpulungu, n'kuphunzitsa a Shawa ndi anzawo ena mpaka onse atalandira ziphaso. Ankati asadzapezekenso mwana wa munthu wolira amake ali pa paipi. Zaka zonse zimene anakhala padokopo mafuta sanatayikirepo m'nyanja, ndipo ife a pabanja timanyadira zimenezi.

Anayamba kudwala chifuwa mu 1972, napuma pantchito, nabwera kudzakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Amwalira pa 14 Juni 1974 m'chipatala, atalandira masakramenti.

Asiya mkazi wawo Mayi Dolika, ana anayi, Yakobo, Ketilina, Lena ndi Maliya, komanso adzukulu atatu. Tikuthokoza abambo mfumu, amayi a mpingo amene agona pano chiyambire, adzukulu okumba manda, ndi nonse amene mwatigwira dzanja.

Mwapadera tithokoze a Gerson Shawa, akhala apo pafupi ndi bokosi. Achoka ku Mpulungu sitima zili padoko, ndipo sanafunike kupempha chilolezo chapadera, chifukwa pa paipi asiyapo anzawo achiphaso amene malemu anawaphunzitsa. Banja lagwirizana kuti Mayi Dolika ndi ana akaponya dothi, otsatira akhale a Shawa. Manda takumba pambali pa amayi athu.

Achimwene, mwafika tsopano kwa amayi. Mzimu wanu uuse mumtendere.