A Yonasi Aroni, Olemba Khoma la Sitolo ku Mtengula

Malemu anabadwa pa Msumba m'chaka cha 1886. Tsiku lake silinalembedwe. Dzina lawo ndi bambo Yonasi Aroni, oyamba mwa ana atatu aamuna.

Mu 1896 analowa sukulu ya mishoni, kumene aphunzitsi anaona kuti dzanja lawo limawongola zilembo. Anakwatira mayi Rebeka mu 1908.

Mu 1911 wamalonda wina wa ku Mtengula anawapatsa ntchito yolemba pakhoma la sitolo yake zimene ankagulitsa: sopo, mchere, nsalu ndi palafini. Anajambulaponso nyali, kuti osadziwa kuwerenga azindikire. Utoto wamafuta sunkafika kuno. Malemu ankawotcha zigoba za nkhono kuti apeze njereza, n'kusakaniza ndi makala ndi katondo. Khomalo linayang'ana kunyanja, ndipo mvula inkafufuta zilembozo chaka chilichonse.

Pangano lawo ndi wamalondayo linali lakuti, malinga ali pa ntchitoyi, iwo ndi ang'ono awo awiri satengedwa kukasenza katundu wopita kunyanja yamchere, kumene ambiri sankabwerako.

Mu 1919 mabanja ambiri anawolokera ku Likoma, kuthawa ntchito yosenza katunduyo. Malemu anatumizako mayi Rebeka ndi ana, nati atsatira. Ang'ono awo anatsala ndi mayi awo okalamba, choncho malemu sakanathawa osawaika pangozi. Mwini sitolo anati adzawamasula, pangano osalithetsa, zilembo zikadzatha chaka chathunthu osafufutika. Malemu anayesa utomoni, mafuta a nsomba ndi madzi a chinangwa. Analembanso khomalo kasanu ndi kanayi. Zilembo sizinakhale.

Mu Ogasiti 1927 anayamba kutsokomola, ndipo mu Epulo chaka chino anagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Khomalo silinalembedwenso. Amene mwadutsako mwaona nyali yokha ndi theka la mawu oti mchere. Anatisiya Lachiwiri, pa 12 Juni 1928, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Asiya ang'ono awo, a Augustino ndi a Valentim, amene sanatengedwepo. Asiyanso mayi Rebeka ndi ana awiri, Laura ndi Justino, ku Likoma. Mwera waletsa ngalawa kuwoloka masiku anayi tsopano, choncho iwo sanamve.

Tikuthokoza anamwino a mishoni, adzukulu okumba manda, ndi asodzi amene alonjeza kupititsa uthenga mphepo ikaleka.

Bambo Yonasi, ntchito yatha. Mzimu wanu uuse mumtendere.