Damu Lodzazira Mlendo

Tsiku limene bwana woyendera madamu ankayembekezeka ku sikimu ina ya ulimi wothirira ku Lobi, Magadalena anadzuka n'kupeza kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yake kataphwa, chonsecho mvula inali itagwa masiku ambiri osapumira. Anabereka mwana wake Pilira n'kukwera kudamu, lomwe khoma lake linaima kumtunda kwenikweni kwa denga lake, ndipo anakapeza atsibweni ake, a Alufeo, wapampando wa komiti ya damu, atavala jekete la kutchalitchi, atakhala pamulu wa matumba a mchenga otseka mpata wotulukira madzi.

"Mwadzuka bwanji, atsibweni?"

"Ndadzuka, Magada. Taima pomwepo. Tayang'ana uko. Ukuona chiyani?"

Magadalena anayang'ana. Damu linali ndendende, madzi akuchita kunyambita udzu wa pamwamba pa khoma.

"Madzi."

"Madzi basi?"

"Ndi matumba."

"Aa, iwe! Kukongola konseku sukukuona?"

"Matumbawa waika ndani?"

"Ine, ndi manja angawa. Msana ukuchita kuyaka moto."

"Mpata uwu si umene madzi amatulukira damu likadzaza?"

"Ndi womwewo."

"Ndiye mwautseka."

"Ndautseka. Lero kuli mlendo."

A Alufeo anasasa fumbi paphewa la jekete, ngakhale panalibe fumbi. Magadalena anakweza mwana kumsana n'kumanganso chitenje.

"Alangizi ananena chiyani pafoni paja?" anafunsa.

"Anati kukubwera bwana wa kuboma kudzaona ngati damu lathu lingapirire madzi ochuluka. Mawu awo ndi amenewo, sindinaonjezere mchere. Tsono aona bwanji damu lili theka? Ukafuna kudziwa mphamvu za ng'ombe, umaiyang'ana ili m'khola? Umaimanga pangolo, n'kupakira mpaka pamwamba."

"Ngolo ikagubuduka, kunsi kwake sikukhala nyumba yanga."

"Iwe, tamvera. Mlendo akafika kwanu, thobwa umamupatsa theka la kapu?"

"Akubwera kudzamwa?"

"Ayi!"

"Kudzasamba?"

"Ndikungopereka chitsanzo!"

"Chifukwa ngati n'kusamba, ndimutenthetsera ndowa imodzi. Akwana."

A Alufeo anayang'ana kumwamba ngati munthu wofunsa Mulungu kuti mwana ameneyu anamutenga kuti. Magadalena naye anayang'ana kumwamba, koma iye ankaona mitambo yakuda ikuunjikana cha kuphiri la Dedza.

"Nanga mtengo uja wopaka penti wofiira uli kuti? Uja anati madzi asamapitirire pamenepo?"

"Uwo." A Alufeo analoza ndi mlomo. Mtengowo unali chilili pamtunda, pafupi ndi nthochi, wouma gwa. "Madzi apitirira?"

"Unali m'kati umo."

"Unamira."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinauzula n'kuuzika poonekera. Mlendo auona bwanji uli pansi pa madzi? Avale zosambirira?"

"Ukamira ndiye kuti madzi achuluka, atsibweni."

"Eya! Wayamba kumva tsopano. Achuluka. N'zimene tikufuna."

Magadalena anayenda pang'ono pakhoma. Dothi linali lofewa ngati buledi wonyowa. Pamene panali mng'alu wautali masiku apitawo panali posalala, pakuda bii, pakuonekabe mizere ya zala.

"Mng'alu uja wapita kuti?"

"Ndazira."

"Mwazira? Ngati khonde?"

"Ndi dothi lakuda la kudambo. Taona mmene pakuwalira. Amayi ako sankazira chonchi."

"Pansi pake mng'alu ulipobe?"

"Ukamazira pakhomo mlendo akamabwera, umayamba wafunsa pansi?"

"Pansi pa khonde langa palibe madzi."

"Ndiye vuto ndi khonde lakolo, osati damu."

Pilira anayamba kulira. Magadalena anamugwedeza uku akusuzumira kumunsi. Kuchokera pamenepo nyumba yake inkaoneka yonse: malata, khola la nkhuku, dimba la mbatatesi, ndi mwana wake wamkulu akusewera pabwalo ndi chitini.

"Atsibweni, kutsinde kwa khomali, kuseri kwa khola langa, kwatuluka kasupe."

"Ambuye akudalitsa! Anzako amayenda mtunda kukatunga."

"Akutuluka ndi matope."

"Uziwasiya adikhe kaye usanamwe."

"Matopewo ndi khoma lanuli. Layamba kubwera kwathu pang'onopang'ono."

"Ndi thukuta limenelo. Damu likugwira ntchito. Iwe ukasenza thumba la chimanga sutuluka thukuta?"

"Ndikatuluka thukuta ndimatula."

"Aa-aa! Koma mwana iwe!"

Magadalena anawerama n'kugwira ngodya ya thumba limodzi. A Alufeo anasendera msangamsanga n'kukhala pomwepo, miyendo atatambasula ngati nkhuku yofungatira.

"Usakhudze! Aone kaye."

"Afika nthawi yanji?"

"Anati m'mawa."

"M'mawa wathu kapena wa boma?"

"M'mawa ndi m'mawa."

"Msewu wa kumsika uja mwauona? Dzulo galimoto ya kabichi inatitimira mpaka anthu anachita kutsitsa katundu. Njinga yamoto idutsa?"

"Akapanda kufika lero afika mawa."

"Matumba ali pomwepa?"

"Ali pomwepa."

"Mvula ikagwa?"

"Ndiye bwinonso! Apeza lodzaza koposa."

"Lidzazira pati? Malo atha."

"Madzi amadziwa kukhalirana. Maliro akachitika, anthu sakwana m'kanyumba kamodzi?"

"Ena amagona panja."

Kuphiri kunagunda, kugunda kwapansipansi. A Alufeo ananamizira kukhosomola.

"Tamvera, Magada, ndikuuze zimene sukudziwa. Mabwana awa akapeza damu lili ndi timadzi ta pansi amati, 'Anthu awa sasamala, damu lawo ndi chithaphwi.' Amapita, osabweranso. Akapeza lodzaza amati, 'Awa ndiye alimi.' Ukufuna a sikimu ya ku Mphunzi atiseke? Ndipo chaka chatha, dzuwa la Okutobala lija, damu litaphwa, kabichi atauma, analira ndani?"

"Ine."

"Ehe! Ndiye?"

"Ndinalira ndili m'nyumba mwanga."

"Ukuona ngati ine ndingakugwetsere nyumba? Ine mlongo wa mayi ako? Mwini mbumba?"

"Inu ayi. Madzi."

"Madziwo akumvera ndani?"

"Matumba."

A Alufeo anaimirira tsopano, ataiwala zofungatira zija. Anaponda khoma ndi chidendene kuti amve kulimba kwake. Nsapato inalowa, ndipo anaitulutsa mwaulemu, ngati palibe chachitika.

"Khoma ili tinalisinja ndi miyendo yathu iwe uli kumsana ngati kameneko. Ndimalidziwa ngati mmene ndimadziwira thumba la jeketeli. Silingagwe! Ine ndingagone pansi pake penipeni, tulo tofa nato, osatembenuka n'komwe."

Magadalena anawayang'anitsitsa.

"Mungagone?"

"Ndithu!"

"Lero?"

"Lero, mawa, mpaka Pasaka!"

"Zikomo kwambiri, atsibweni." Anapinda maondo mwaulemu n'kutembenuka.

"Ukupita kuti?"

"Kukatenga ana ndi mabulangete."

"Kupita nawo kuti?"

"Kwanu kumtunda. Inu mugona kwathu."

"Iwe! Ndanena liti zimenezo?"

"Pompano. Mwati mungagone pansi pake penipeni. Pansi pake penipeni ndi pathu. Palibe nyumba ina."

"Ndimangoyankhula!"

"Ndamva. Mwayankhula bwino."

"Ndi kanenedwe chabe, Magada. Munthu amatha kunena kuti ndingadye ng'ombe yonse."

"Ng'ombe ndilibe. Nyumba ndili nayo."

"Nanga amuna ako ati chiyani akapeza ine pabedi pawo?"

"Bambo a Pilira ali kuphiri kocheka matabwa, sabwera msanga. Akamva athokoza. Ndikamadutsa pamjigo ndiwauzanso amayi onse, amve kuti kuno kuli atsibweni enieni, osati a dzina. Opereka nyumba yawo kwa ana, iwo n'kukagona kunsi kwa damu."

"Usauze munthu!"

"Bwanji? Chabwino sichibisika."

A Alufeo anakoka jekete kutsogolo, n'kukweza chibwano.

"Chabwino. Ndigona. Ukuganiza kuti ndikuopa? Ndigona, ndipo mawa udzandipeza ndikuliza mkonono."

"Ndiye ndikuuzeni za m'nyumba, musakavutike."

"Nena."

"Chitseko chimafufuma kukanyowa. Mukamva phokoso, musalimbane nacho, mungotaya nthawi. Mutulukire pawindo."

"Phokoso lanji?"

"Sindikudziwa, sindinalimvepo. Amati limakhala ngati lole ikutsitsa miyala."

"Windo lake liti? Kaja kakang'ono kaja?"

"Bambo a Pilira amakwana."

"Amuna ako ndi bango!"

"Inu muvule jekete. Ndipo musadye kwambiri."

"Hmm."

"Nkhuku zikayamba kukuwa zonse pamodzi, ndiye kuti madzi alowa m'khola. Muzitsegulire kaye, kenako muthawe."

"Ndiyambe nkhuku?"

"Zikuikira."

"Ndithawire kuti?"

"Kumanja kuli dimba, mutitimira. Kumanzere kuli kamtsinje, ndi kumene madzi adzere. Mungokwera mumtengo wa pichesi."

"Kamtengo kaja n'kokwera munthu wa zaka zanga?"

"Nthambi ya m'munsi inathyoka. Mudumphire yachiwiri."

A Alufeo anapukuta pamphumi ndi mkono wa jekete. Mphepo yozizira inadutsa pamadzi, timafunde tinamenya khoma, ndipo kamodzi kanalumphira pa nsapato yawo. Anabwerera m'mbuyo.

"Kusambira mumatha, eti?" anafunsa Magadalena.

"Munthu wa ku Dedza ndikaphunzirira kuti kusambira? M'dimba?"

"Ndiye ndikusiyirani chigubu. Muchimange m'chiuno musanagone."

"Sindigona ndi chigubu ine! Ndine wapampando!"

"Chili ndi chitsekerero chabwino. Chikunyamulani."

Madontho akuluakulu anayamba kugwa apo ndi apo, akuboola timabowo pamadzi. Kumsewu kunalibe ngakhale kaphokoso ka njinga yamoto. A Alufeo anayenda mpaka m'mphepete mwa khoma, manja kumbuyo, n'kusuzumira kumunsi. Anayang'ana denga lija. Anayang'ana khola. Maso awo anaima pa kamzere ka madzi ofiira kamene kankatuluka kutsinde kwa khoma n'kulowera kudimba.

"Kasupe wako uja ndi ameneyo?"

"Ndi ameneyo."

"Dzulo anali wamkulu choncho?"

"Dzulo anali ngati chala. Panopa ngati mkono wa Pilira."

"Hmm. Nanga bedi lili mbali iti?"

"Kukhoma loyang'ana kuno."

"Mutu umaloza kuti?"

"Kuno komwe. Madzi akafika muyamba kudziwa ndinu."

"Sungalisunthe?"

"Mbali inayo kumadontha."

A Alufeo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mlandu wonse ndipo watsala n'kugamula. Anavula jekete, analipinda bwinobwino n'kuliika pamwala. Anapinda manja a malaya, n'kuwerama pathumba la pamwamba.

"Mukutani, atsibweni?"

"Ndikuona ngati ndinamanga bwino."

Anakoka. Thumba linasuntha, madzi n'kuyamba kuyenderera mumpata, poyamba mwamanyazi, kenako mwaphokoso, kulunjika kukamtsinje kawo.

"Musachotse onse nthawi imodzi, angandikokolere mbatatesi," anatero Magadalena. "Limodzilimodzi."

"Ukundiphunzitsa ntchito ine? Amene anaika matumbawa ndani?"

"Inu."

"Ndiye khala chete."

Anagwira thumba lachiwiri. Linali lonyowa, lolemera, ndipo linakana. Anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Magadalena anangoima, mwana kumsana, manja atapinda.

"Nanga ana ndikawatenge?"

"Asiye ana ali kwawo!"

"Chigubu?"

"Magada!"

"Koma damu litsika, atsibweni. Apeza theka. Nanga mlendo?"

A Alufeo anadzutsa mutu, mvula ikuyenderera padazi.

"Mlendo ali ndi kwawo kogona. Tagwira uko!"