Mbewa zoyera za Dokotala Orathai

Malemu Dokotala Orathai Saenkhot, amene kunyumba tinkangowatchula kuti Taeng, anabadwa pa 9 Epulo 1969 m'mudzi mwathu muno mwa Nong Waeng, m'banja la bambo Khamdi ndi mayi Thongbai. Wowerengane ndine Lamduan, azakhali awo. Sukulu ndinangoinunkhiza, choncho ndikapunthwa pa mawu aakulu mundidzutse.

Sukulu anayambira pakachisi pompano mu 1976. Mu 1984 bambo awo, achimwene anga, anatuluka chotupa pansi pa lilime chifukwa cha mak, mtedza uja timatafuna mpaka m'kamwa psuu. Anafika polephera kumeza ngakhale phala, ndipo anatisiya chaka chomwecho. Amene ankawapukuta kukamwa anali malemuwa.

Mu 1988 anapita ku yunivesite ku Khon Kaen. Mu 1996 anakwatiwa ndi bambo Sutin, mphunzitsi wofatsa amene mpaka lero amandiopa. Kuyambira mu 2003 anagwira ntchito ku labu, nyumba ya kafukufuku, kufufuza mankhwala a khansa ya m'kamwa ndi pakhosi. Momwe ndinamvera ine, amatenga timbewa toyera n'kutidzala khansa pansi pa chibwano, kenako n'kubaya m'chotupacho kachilombo kophunzitsidwa kudya khansa yokhayo, mnofu wabwino n'kuusiya. Ndinati, "Taeng, ife mbewa timakumba m'munda wa mpunga n'kuwotcha, iwe ukuziyatsira fani?" Iwo anati, "Azakhali, tsiku limene mudzalowe mu labu muno ndidzakupisani m'matumba potuluka."

Mayi awo okha sankaseka. Kupha mbewa ya ndiwo ankakumvetsa, koma kudwalitsa dala cholengedwa ankati ndi tchimo loti mwana wawo adzalisenza mpaka moyo winawo. Ntchitoyo sanaidalitsepo, ndipo izi zinkawadya mumtima malemu.

Mu Januwale 2024 malemu anayamba kudwala impso. Mayi awo anati basi, mbewa zija zikubwezera. Pajatu wodwala timamumasulira nsomba kapena mbalame pakachisi kuti apepukidwe. Iwo anati nsomba sizinalakwiridwe, timasule mbewa zenizenizo. Ananyamula dengu la chivundikiro kupita ku labu kuja, ine n'kuwaperekeza, poti ulendo wa basi sindiukana.

A kulabu atationa ndi dengu anaimbira malemu kuchipatala, pakuti kutulutsa mbewazo kukanapha kafukufuku wa zaka zambiri. Malemu anati, "Musawabweze amayi, avekeni zovala zoyera aone." Tinasuzumira pagalasi. Kambewa kena kanali ndwii pakona, kotupa pansi pa chibwano, chakudya chili pomwepo koma osachikhudza. Mayi Thongbai anandigwira mkono n'kunena kuti, "Lamduan, a Khamdi anali chonchi." Kenako a kulabu anatisonyeza mbewa zobayidwa zija. Zambiri zotupa zitaphwa, zikukukuta ngati zili ku ukwati. Ndinati, "Mlamu, nditsegule dengu?" Anati, "Tseka pakamwa iwe nkhalamba, sukuona kuti zikudya?"

Tinatuluka dengu lili mbee. Tinalunjika kuchipatala, kumene mayi anamanga ulusi woyera pamkono wa mwana wawo n'kunena kuti, "Ukadzuka ubwerere kuntchito." M'mawa mwake anapereka chakudya kwa amonke, n'kuthira madzi pansi kupempherera mbewa zonse zimene zinafera m'manja mwa malemu.

Kuntchitoko sanabwerereko. Anatisiya pa 17 Novembala 2024, ulusi uli pamkono. Asiya mayi awo, amuna awo bambo Sutin, ana awiri, Kanchit ndi Pimchanok, ndi ine amene ndinkayenera kutsogola.

Tikuthokoza amonke, anamwino amene anawasamala, amayi amene mwakhala mukuphika, ndi inu a kulabu amene mwabwera ndi nkhani yoti ntchito ikupitirira. Andichenjeza kuti ndisakokomeze: mankhwalawa akadali pa mbewa, kwa anthu sanafike, ndiye otafuna mak musasangalale msanga. Koma mayi Thongbai anena kuti salola kufa mpaka ataona munthu woyamba wobayidwa jakisoniyo akumeza mpunga. Mlamu wangayu ndimamudziwa makani ake. A kulabu inu, fulumirani.

Taeng, mwana wa achimwene, mayi ako anakumasula. Pita wopepuka, uuse mumtendere.