Mphotho ya Abednego Kachingwe

A Abednego Kachingwe, olemba zikwangwani kuseri kwa msika wa Mitundu, apikisana nawo pa mphotho ya ojambula nthano zamakatuni kwa zaka khumi ndi chimodzi osapambana ngakhale kamodzi, ndipo chaka chino anali atalumbira kuti zivute zitani, dzina lawo lioneka pa satifiketi. Lachiwiri m'mawa kunatulukira Hafsa, mlembi wa komiti ya mphothoyo, munthu amene chinthu chikangolowa m'kope mwake ndiye kuti chatha basi.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero Hafsa akutsegula kopelo.

"Ndapambana?" A Abednego anaika bulashi pansi.

"Komiti yagwirizana kuti kuyambira chaka chino mphothoyi izitchedwa Mphotho ya Abednego Kachingwe."

"Eyaa! Ndiye ndilandira liti?"

"Simulandira. Muzipereka."

"Ndizipereka? Kwa ndani?"

"Kwa wopambana. Lamulo lachinayi likuti mwini dzina sapikisana nawo."

A Abednego anam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mwana ameneyu anam'dziwa akukwawa m'golosale ya bambo ake, lero akuwachotsa mu mpikisano akumwetulira!

"Iwe Hafsa, mphotho amazitcha maina a anthu akufa. Ine ndafa?"

Hafsa anatembenuza masamba awiri atatu. "Ayi, sizinalembedwe."

"Aaa! Ukuchita kuyang'ana m'kope ine ndili pompano?"

"Zodikira tinakambirana ndithu. Koma a Limbani a m'komiti anati mmene mumapalasira njinga muja, tidikira mpaka tonse tikalambe."

"Munakambirana za maliro anga?"

"Mphindi zisanu zokha. Kenaka tinapita pa nkhani ya mipando."

A Abednego anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Tamvera. Mphotho imeneyi ikuyamba mu 2014, ine ndinalipo. Wopambana analandira mapensulo atatu ndi labala."

"Zoona. Munali omaliza."

"Chaka chotsatira mphotho inali tambala wamoyo."

"Anathawa mwambo uli mkati. Munali omaliza."

"Nanga 2018, pamene a ku Nathenje anakwiya n'kukayambitsa mphotho yawoyawo? Ndani anatsala nanu kuno? Chaka chimenecho ndinali wachitatu!"

"Munalipo atatu."

"Chabwino, koma ndinakwera minibasi kukayesanso ku Nathenje komweko."

"Anatilembera kalata. Ili pa tsamba lakumbuyo. Ndiwerenge?"

"Usawerenge!" A Abednego anakhala pa chitini cha penti. "Ndiye chaka chino mwati ndikapereke kwa ndani?"

"Kwa Pempho wa ku Nathenje, amene wapikisana nawo kuno chaka chino."

"Pempho? Amene ndinam'phunzitsa ine kusongola pensulo?"

"Yemweyo. Mudzam'gwira chanza n'kumwetulira. Kumwetulirako kuli pa pulogalamu, isanafike nyimbo ya kwaya."

"Sindimwetulira!"

Hafsa analemba. "Samwetulira. Nanga chanza?"

"Chanzanso ayi! Ulemu wanuwo sindikuufuna. Ine ndikufuna kupikisana ngati munthu wamoyo. Fufuta dzina langa pamenepo."

"Ndifufute?"

"Panopa, ndikuona!"

Hafsa anatulutsa lula m'chikwama, n'kudula mzere woongoka bwino pa dzinalo. Anauzira kuti inki iume. A Abednego anapuma mpweya wautali, mapewa n'kubwerera m'malo mwake.

"Basi, mwabwerera mu mpikisano," anatero Hafsa. "Mwayi wake oweruza anaona kale buku lanu sabata yatha."

"Oho! Anati bwanji?"

"Ndiwerenge zonse?"

"Werenga. Chaka chino ndinadzipereka."

"'Nthano ya galu wokwera minibasi...'"

"Ndi mbuzi!"

"A Maliko anati galu. A Limbani anati tebulo. Anavota, galu anapambana."

"Tebulo lili ndi nyanga? Tebulo limakangana ndi kondakitala?" Mawu a Abednego anayamba kuchepa. "Nanga nambala?"

"Omaliza."

Kunja wogulitsa mandasi anadutsa akukuwa. A Abednego anayang'ana manja awo odzaza penti. Zinawapweteka, ndipo sakanabisa. Mbuzi imeneyo anaijambula miyezi inayi.

"Pali zina," anatero Hafsa osadzutsa mutu. "'Mayi Felesiya, mmodzi wa oweruza, analira. Anati aliyense wojambula kuno, kuyambira Mitundu mpaka Nathenje, anadutsa m'manja mwa bambo amenewa, ndipo mapepala ankatipatsa ndi iwo. Koma mbuzi yawo sidzapambana mpaka kalekale. Njira yoti dzina lawo lifike pa satifiketi ndi imodzi yokha, kulisindikiza pamwamba.' Onse anavomera. Kenaka tinamwa tiyi."

A Abednego anatenga kansanza kopukutira bulashi n'kupukuta m'maso, penti yobiriwira n'kutsala patsaya.

"Wati pamwamba?"

"Pamwamba."

"Pa satifiketi iliyonse?"

"Chaka ndi chaka."

"Ya Pemphonso?"

"Inde. Lanu zilembo zikuluzikulu, lake m'munsi, lolemba ndi bolopeni." Hafsa anatseka kope n'kuimirira. "Koma poti mwakana, ndikauza komiti kuti tiitche dzina la a Maliko. Iwo anati sangavute."

A Abednego anadumpha, chitini cha penti n'kugubuduka, ndipo anatsekereza pakhomo ndi manja onse awiri.

"Nanga wafufutiranji, mwana wopanda ulemu iwe? Lembanso msanga! Ndipo Pempho ukamuuze kuti satifiketiyo akaikhome pabalaza, osati kuchipinda!"