Mapiritsi oyera amene ndinabisa m'chitini

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma mundipirire, chifukwa mu umboni umenewu muli manyazi anga.

Mwana wanga Tiyamike mumamudziwa, uja amaimba kwaya ya ana. Ali ndi khunyu. Anayamba kugwa ali ndi zaka zinayi. Ku kiliniki anatipatsa mapiritsi achikasu a m'kabokosi kokongola, kugwa n'kulekeka. Zaka zitatu, abale, osagwa ngakhale kamodzi. Sindikubisirani, kabokosi kaja ndinakakhulupirira kuposa Mulungu.

Tsiku lina nditapita kukatenga ena, a nesi anandipatsa oyera, m'kapulasitiki kolembapo ndi bolopeni. Anati, "Amama, ndi omwe aja, yasintha ndi kampani yokha." Pakamwa ndinavomera, mumtima ndinakana. Nditafika kumsika wa Kapata, mnzanga wogulitsa naye tomato anangoti, "Oyerawo ndi ufa chabe, amapatsa ife osauka." Ine ndinamvera wa tomato, kusiya a nesi.

Ndiye tamverani zimene ndinachita, ine mayi wopemphera. Oyera aja ndinabisa m'chitini cha singano. Achikasu anali atatsala pang'ono, ndiye ndinatenga lezala n'kumawadula pakati kuti akhalitse. Kenako ndinayamba kudula kanayi. Atate ake akafunsa kuti, "Mwana wamwa?" ine ndimati, "Wamwa." Tsiku ndi tsiku, wamwa, wamwa. Anali kumwa nyenyeswa.

Loweruka lina masana ndinali kukazinga mtedza, Tiyamike atakhala pafupi ndi mbaula. Anagwa, dzanja n'kugwera pa makala. Ndinamukoka, ndinamugoneka chammbali monga anatiphunzitsira, koma khungu linali litapsa kale. Amayi anzanga, fungo limene lija mpaka lero silinandichoke m'mphuno.

Ku kiliniki a nesi anati ndibweretse mankhwala onse. Ndinatulutsa kapulasitiki kaja kali kodzaza. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anatenga kabokosi kakale ndi botolo limene amatapamo oyera aja, n'kundionetsa timalemba tapansi. Dzina la mankhwala linali limodzi, mlingo wake umodzi. Anati, "Mukakayika, bwerani mufunse. Mukaona chachilendo pa mwana, bwerani. Koma kudula ayi, kudumphitsa ayi."

Pamenepo Tiyamike, dzanja lili m'bandeji, anati, "Amama, ine ndinali kukuonani mukudula. Ndimayesa mankhwala atha, ndiye sindinanene, kuopa kuti mungalire."

Abale, mwana anali kundisunga ine, pamene ine ndinali kumupha pang'onopang'ono. Ndinagwada pomwepo pa simenti, anthu akuona. Ndinapepesa kwa mwana wanga, kunyumba ndinaulula kwa atate ake, ndipo Mulungu ndinamuuza zonse ngakhale anali kuzidziwa kale.

Lero patha chaka. Akumwa oyera omwe aja, athunthu, m'mawa ndi madzulo, ndipo sanagwenso. Amandikumbutsa yekha nthawi ikakwana. Chipsera chokha ndicho chinatsala, ndipo ndikamamudzola mafuta ndimachiona tsiku lililonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere monga mwa kupusa kwanga. Ndikuthokoza a nesi aja, ndi inu amene munabwera kudzationa osadziwa kuti wolakwa ndinali ine. Kwaya ya ana ikaimirira, muone dzanja limene Tiyamike amakweza poimba. Ndi lomwe lija linapsa. Mukaliona, kondwerani nane, mundithandize kuyamika Ambuye. Amen.