Wotchi ya Amama NyaMoyo

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ambiri mumangondidziwa kuti wakabaza uja amakhala pabenchi yakumbuyo. Lero ndayenda mpaka kutsogolo kuno chifukwa ndikufuna kuchitira umboni.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Mzimba sindinabwere ndi ntchito ngati aphunzitsi ndi anamwino muli panonu. Ndinabwera kudzaba. Musayang'ane pansi, amayi, ndikunena za ine, ndinabwera kudzaba. Pasiteji ya minibasi paja ndiye panali pamunda panga. Ndinagwidwa, n'kukhala kundende zaka zitatu. Zaka zitatu, abale anga, popanda munthu ngakhale mmodzi wodzandiona. Tsiku la alendo anzanga akamaitanidwa mayina, ine ndinkangotsamira khoma n'kumaphwanya nsabwe.

M'kagulu kathu, kunja ndi kundende komwe, katundu wa munthu sitinkamutchula dzina lake. Wotchi tinkati mtima, poti imagunda. Foni tinkati khanda, poti imalira. Tcheni cha m'khosi chinali njoka, chikwama cha ndalama chinali mimba. Tinkanamizana kuti n'zobisira apolisi. Koma ine ndinazindikira china. Ukati "wotchi ya bambo uja," bamboyo umamuona nkhope. Ukati "mtima," mwini wake wasowa, chatsala n'chongotola basi.

Ine ndinatuluka, koma maso anga anatsalira komweko. Ngakhale muno m'tchalitchi, abusa mundikhululukire, inu mukukweza manja kutamanda Mulungu, ine ndikuwerenga mitima ndi makanda. N'chifukwa chake ndinkakhala kumbuyo, n'kutuluka pemphero lomaliza lisanathe. Ndinkadziopa. Kunyumba ndekha, kudya ndekha, wolankhula naye njinga.

Mwezi watha ndinanyamula amama NyaMoyo a ku Manyamula, ali apowa, kuchoka pasiteji kupita kuchipatala. Anali ndi chotupa chofunika opaleshoni. Wowadikirira analibe, ana onse ali ku Joni. Ndinawanyamulira kachikwama mpaka kuwodi. Namwino atawauza kuti avule zonse zam'manja, anavula wotchi yachitsulo ya malemu amuna awo, n'kundiika m'dzanja.

"Adada, ndapota, mundisungire. Nikatuluka mbwenu mundipatsa."

Ndinafuna kunena kuti amama, mwasungitsa mbuzi kwa fisi. Koma ndinangoilandira wotchiyo.

Masiku awiri inali m'thumba mwanga. Tsiku lachitatu pamsika ndinakumana ndi mnzanga wa m'selo imodzi. Ife timadziwana ndi kayendedwe. Anangoona mmene dzanja langa likutchingira thumba, n'kuseka.

"Mdala, muli ndi mtima kapena khanda? Wogula alipo, lero lomwe."

Abale, m'tauni yonse ino, munthu yekhayo amene anandiitanirapo tiyi anali ameneyu. Ndinadziwa kuti ndikakana, ndataya ndi iye yemwe. Ndinaitulutsa wotchi ija. Inde, ndinaitulutsa, musandiyese mngelo. Koma poiyang'ana, inali pafupi kukwana twelofu, nthawi yoonera odwala. M'maganizo ndinawaona amama atagona, anzawo akulandira alendo, iwo akuyang'ana khoma. Khoma limenelo ine ndimalidziwa, ndimalidziwa bwino.

Ndinati, "Si mtima uwu. Ndi wotchi ya amama NyaMoyo."

Analavula malovu, n'kumapita. Mpaka lero sandipatsa moni.

Ndinagula nthochi ndi mabanzi, n'kupalasa kupita kuchipatala. Tsiku lililonse twelofu ndinalipo. Atatuluka ndinawaveka wotchi yawo, n'kuulula kuti ndine wochokera kundende. Iwo anati, "Nkhumanya, adada, ndikudziwa kale. Akabaza anzanu ananiuza pasiteji kuti njinga ya uyo musakwere. Kweni ine ndinaona kuti tonse tilije munthu, tilibe wotiona."

Kunyumba kwanga kukadali zii, sindinama. Ngakhale kugunda kwa wotchi ija ndimakusowa. Koma lero polowa muno, choyamba chimene ndaona ndi nkhope zanu, osati manja anu.

Yewo chomene, amama. Zikomo Yesu, zikomo. Amama, kwezani dzanja mpingo uione wotchiyo, ndi yawo, ndi ya mwini wake! Imirirani mukondwere nane, abale anga. Ndipo wina asendere pang'ono andisiyire malo pakatipo, chifukwa kubenchi yakumbuyo sindibwererako. Aleluya!